Tsiku Limene a Rahal Anabwerera Wapansi

Kuno ku Dukala ukafunsa kuti a Rahal ndi ndani, mayankho amabwera awiri. Anthu a kumsika wa Lachiwiri ku Sidi Bennour akuuza kuti ndi wometa uja wa katenti kachikasu, kuseri kwa ogulitsa nyama, amene amakumeta mmene waonera iye osati mmene wanenera iwe. Koma ukafunsa munthu amene anakhalapo pabwalo la tiburida, za lumo sazidziwa n'komwe. Iyeyo akuuza za Ba Rahal, wokwera kudzanja lamanja la mtsogoleri, amene kwa zaka zoposa makumi atatu sanaphonyepo musemu, chikondwerero chathu cha pachaka chija, ngakhale chaka chimene anathyoka nthiti ziwiri.

Tiburidayo ndi nkhondo ya makolo athu, kungoti masiku ano adani kulibe. Amuna khumi ndi atatu amandanda pamahatchi, bondo kukhudza bondo la mnzake, aliyense mfuti yake ya gogodera itakhuta wonga. Amanyamuka pang'onopang'ono, kenako liwiro la mtondo wadooka, ndipo akafika kumapeto kwa bwalo mtsogoleri amakuwa, onse n'kukhethemula. Mfuti khumi ndi zitatu ziyenera kulira ngati imodzi. Ikamveka imodzi, azimayi nthungululu. Zikalira motsatizana ngati chimanga chothetheka m'chiwaya, anthu amafa nazo phwete, ndipo amene wachedwa kapena wafulumirayo amatsika, n'kubwerera wapansi bwalo lonse akukoka hatchi yake, anthu akuona. Manyazi oposa amenewo kuno sitiwadziwa.

A Rahal sanabadwire pakhomo la mahatchi. Bambo awo ankalima tirigu m'munda wa eni, ndipo chiweto chachikulu pakhomopo chinali bulu wa khutu limodzi. Kumeta anaphunzira kwa amalume awo, n'kupala mitu ya alimi zaka khumi ndi ziwiri asanapeze kamwana ka hatchi kowonda kamene aliyense ankati sikafika nyengo yokolola. Kanafika, ndipo kanawanyamula zaka zambiri. Imene ali nayo tsopano, yotuwa ija amaitcha Lazrag, ndi yachinayi. Akazi awo, Lalla Zhor, mpaka lero amauza alendo kuti iwo anakwatiwa pamitala. "Mkazi wamkulu ali m'khola umo," amatero akuthira tiyi. "Balere amayamba kudya ndi iyeyo, ife timalandira zotsala. Chondiwawa n'choti mkazi mnzangayo ndi wamphongo."

Chimene chinawatchukitsa a Rahal si kukwera kokha ayi, koma liuma lawo. Kwa iwo tiburida sinali masewera. Ankati munthu akakhala pachishalo ayenera kuoneka ndendende ngati agogo ake popita kukathira nkhondo Apwitikizi ku Mazagan, kumene lero ndi El Jadida: mkanjo woyera, nduwira yokulunga ndi manja, nsapato zachikopa zachikasu, mpeni wopindika m'chiuno ndi kathumba ka buku loyera paphewa. Gulu lisananyamuke ankayenda mzere wonse, maso ali tcheru ngati mkazi wogula nsomba. Masokosi a m'sitolo, vula. Magalasi a dzuwa, vula. Mfuti yomangidwa ndi kathepi kakuda, pita nayo kwanu.

Amene ankavutika nawo kwambiri anali Miloud, dalaivala wa basi ya ku El Jadida, yemwe anayamba kukwera imvi zitayamba kale. Munthu wabwino, woseka, koma chala chake chinali ndi nthawi yakeyake, ndipo anali atabwererapo wapansi kangapo m'zaka zake zoyamba. Tsiku lina a Rahal anamugwira ali ndi wotchi pansi pa mkono wa mkanjo.

"Agogo ako popita kunkhondo ankayang'ana nthawi?"

"Akanakhala nayo akanavala, Ba Rahal."

"Akanavala, koma analibe. Vula."

"Nanga mano anga oikirirawa? Nawonso ndivule?"

"Ukangotseka pakamwa saoneka, ndipo tonse tipumako."

Koma chimene ankadana nacho koposa ndi chinyengo cha mfuti yopanda wonga. Alipo magulu, sindiwatchula, amene amaika pamzere munthu wosadalirika ndi mfuti yopanda kanthu. Amathamanga nawo, amakweza mfuti nawo, amagwedeza phewa ngati yamukankha, koma yalira ndi ya anzake. Mfuti zikachepa, kulirira pamodzi sikuvuta, ndipo oweruza m'fumbi lija sangaone zonse. A Rahal ankakhala pampanda n'kumawerenga utsi. Gulu lotere likadutsa ankalavula pansi. "Amuna khumi ndi atatu, utsi khumi ndi umodzi. Awiri enawo abwera kudzaperekeza mkwati."

M'gulu mwawo anaika lamulo ndi iwowo: wochedwa katatu m'nyengo imodzi achoke pamzere, hatchi yake azikwera popita kumunda. Woyamba kugwa nalo anali mlamu wawo weniweni, mchimwene wa Lalla Zhor. Anthu anapepesa, Lalla Zhor analira, a Rahal osasunthika. Mlamuyo anatha zaka zisanu ndi chimodzi osapisa dzanja m'mbale ya kusikusi pakhomo pawo.

Ndiye wonga uja unadzatenga malipiro ake. Zaka makumi atatu mfuti zikulira pambali pa mutu si zamasewera. Khutu lakumanja linatseka kaye, lakumanzere n'kumatsatira pambuyo. Kumsika zinkaseketsa. Munthu amakhala pampando n'kunena kuti mungochepetsako m'mbalimu, a Rahal n'kugwedeza mutu mwaulemu, pomadzuka munthuyo mutu uli mbee ngati dzira. Koma pabwalo panalibe choseketsa, chifukwa mfuwu wa mtsogoleri sankaumvanso.

Sanauze munthu. Mtsogoleri wa gulu anali msuweni wawo, a Allal, ndipo atakwera naye limodzi zaka zonsezo a Rahal ankadziwa kuti asanakuwe, chigongono chake chimayamba chatukuka pang'ono. Basi, anasiya kudalira khutu n'kumaba ndi diso chigongono chimenecho. Zaka ziwiri zinayenda bwinobwino. Chaka chachitatu, pa musemu woyamba, thukuta linalowa m'diso ndipo anachedwa. Anatsika n'kubwerera wapansi, anthu osaseka kwenikweni chifukwa cha kudabwa. Patangopita milungu itatu, paukwati wa mwana wa mlimi wina wolemera, anachedwanso. Kawiri tsopano. Kunatsala kamodzi kokha, ndipo kutsogolo kunali musemu waukulu wa kunyanja, umene magulu a chigawo chonse amakumanako.

Mwana wawo Naima, namwino ku Casablanca, anatumiza kachipangizo kothandiza kumva, kakang'ono ngati nyemba. Lalla Zhor anakaika pathebulo pambali pa buledi.

"Nduwira ikabisa, palibe angaone."

"Ine ndidziwa."

"Inuyo ndiye ndani? Mulungu anakupatsani mwana wophunzira kuti muzikana?"

"Zhor, ndavula anthu mawotchi zaka makumi awiri. Ndiye ine ndikwere ndi batire m'khutu?"

"Kweraninso ndi makutu a agogo anu, nawonso anali ogontha."

Mawu omalizawa a Rahal sanawamve, kapena anachita dala. Ndi ogontha sudziwa.

Lachiwiri lotsatira a Allal anabwera kutenti kudzametetsa ndevu. Atatha anakoka msuweni wawo kupita naye kumene amamangirira abulu, kutali ndi anthu, chifukwa kuuza gonthi chinsinsi ndi ntchito. Anaika pakamwa pakhutu lakumanzere lija.

"Mwana wa amalume, ndadziwa kalekale. Chigongono changa wachiyang'ana mpaka chayamba kuyabwa."

A Rahal anapukuta lumo pansalu.

"Kunyanja ukwere ndi mfuti yopanda wonga. Ndikonza ndekha, sadziwa munthu. Masiku atatu okha, nyengo ithe, chaka chamawa tiyambirenso kuwerenga."

"Ukuti ndikaperekeze mkwati?"

"Ndikuti ndikufuna ukhale kudzanja langa lamanja. Chiyambire sindinathamangepo iwe palibe."

Apa mtima wa a Rahal unawawa, pakuti anaona kuti msuweni wawo akunena zachikondi, osati zachipongwe. Kenako anati, "Ukandithirira wonga wochepa ndidzadziwa pa kulemera kwake. Mfuti yanga ndithira ndekha."

Amene sanafikeko ku musemu wa kunyanja sanaone kanthu. Matenti mazanamazana kuyambira pamsewu mpaka pamchenga, utsi wa nyama yowotcha, ng'oma, zitoliro, ogulitsa nkhono zowiritsa akuitanira, ana atakwera pamadenga a malole. Mahatchi opitirira chikwi, onse ovekedwa zishalo zopeta ndi ulusi wagolide, akulira ndi kupalasa pansi. Bwalo lokha fumbi lili kobo kuyambira m'mawa. Gulu likatuluka lina lalowa kale, ndipo mfuti zimagunda m'chifuwa mwako ngakhale uli kutali kogula mavwende. A Rahal atatsika m'lole n'kununkhiza wonga, anamva ngati zaka makumi awiri zawachoka pamsana. Anasambitsa Lazrag okha, n'kumupaka utoto wofiira wa hina m'miyendo, akuimba nyimbo imene okhawo sankaimva.

Tsiku loyamba anathamanga katatu, katatu konse mfuti imodzi. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Anthu anayamba kufunsana kuti a nduwira zoyera ndi zishalo zobiriwirawa ndi a kuti, ndipo madzulo alendo ankabwera kutenti kudzamwa tiyi ndi kusisita mahatchi. Miloud ankangoyenda chifuwa chili patsogolo ngati basi yonse ndi yake. Ngakhale a Rahal anamuyamikira, mwa njira yawo. "Lero wawombera ngati munthu," anatero, Miloud n'kukauza aliyense.

Tsiku lachitatu anatsala magulu awiri amene oweruza ankawayang'anitsitsa: la a Allal ndi lina la ku Abda, la amuna aatali ovala zabuluu. Gulu lililonse linapatsidwa mwayi umodzi wotsiriza. A ku Abda anathamanga, ndipo zawo zinalira bwino, koma wakhutu lakuthwa anamva kamchira pang'ono. Tsono zonse zinali m'manja mwa gulu la a Allal. Anasamba, anapemphera limodzi, a Rahal anayenda mzere wonse monga mwa masiku onse, n'kuwongola nduwira ya wina. Kenako anathira wonga mumfuti yawo, kuusinja bwinobwino, n'kukwera. Kumanzere kwawo a Allal, kumanja kwawo Miloud.

Ananyamuka mwakachetechete, mahatchi akuvina, mfuti zili paphewa. A Allal anaimirira pazopondera n'kutchula dzina la Mulungu, mfuti zonse zinazungulira m'mwamba kamodzi, ndipo mzere unaphulika. Ha, liwiro lake limenelo! Ziboda makumi asanu ndi ziwiri zikugunda nthaka, mikanjo ikuuluka, mabondo atagundana osasiyana ngakhale pang'ono. A Rahal sankamva kalikonse, koma zonse ankazimva m'mafupa: Lazrag akutambasuka pansi pawo, mphepo ikuwakwapula kumaso, matenti akuthawira kumbuyo. Anaseka pakamwa pali yasa ngati mwana. Zingwe anazisiya pakhosi pa hatchi, manja onse awiri pamfuti, diso lakumanzere pachigongono cha a Allal.

Pomwepo mphepo ya kunyanja inatembenuka, n'kunyamula fumbi lonse limene a ku Abda anasiya, n'kuwaponyera kumaso. Chigongono chija chinasowa. Kanali kanthawi kochepa, kosakwana n'kuphethira komwe. Chimene anaona a Rahal ndi moto wa mfuti khumi ndi ziwiri ukung'anima m'fumbimo, ndipo chala chawo chinakhethemula pambuyo pake. Mfuti inawakankha paphewa yokhayokha.

Anaimitsa mahatchi pamaso pa tenti ya oweruza, utsi ndi fumbi zili tolo. Aliyense pabwalopo anamva kuti imodzi yatsalira, ndiponso kuti yachokera kudzanja lamanja la mtsogoleri. Koma ya ndani? M'chimtambo chimenecho panalibe anaona. Mpikisano unali utapita kwa a ku Abda, zimenezo zinali zodziwikiratu. Chotsala chinali choti wina atsike.

Anthu a pampanda anali atasankha kale. A Rahal anaona zala zikuloza, milomo ikutchula dzina limodzi, ndipo dzinalo silinali lawo. Ndani angaganizire Ba Rahal pamene dalaivala wa basi ali pomwepo? A Allal anatembenuka, nkhope ili yakuda ndi wonga. Anayang'ana msuweni wawo m'maso, ndipo a Rahal anadziwa kuti akudziwa. Kenako maso a a Allal anadumpha, n'kukatera pa Miloud, chibwano n'kuloza pansi.

Miloud sanatsutse. M'phokoso lija munthu sudziwa bwinobwino kuti yako yalira liti, ndipo amene anazolowera kulakwa amavomera msanga. Nkhope yake inagwa, chimwemwe chonse cha masiku awiri chija chinazima, ndipo anayamba kutulutsa phazi m'chopondera. Kwa iye kukanakhala koyamba chaka chimenecho. Akanayenda, anthu akanaseka, koma akanadzakweranso. Kwa a Rahal kunali kachitatu.

Tisanamizane, a Rahal anaganizapo. Anakhala pachishalo chija, m'manja muli mfuti yotentha, mtima ukuwauza kuti khala chete, palibe akufa apa, chaka chamawa uzidzathamanganso chonchi. Ndipo ankafuna kudzathamanganso, ankafunitsitsa kuposa chilichonse. Phazi la Miloud linali litatsala pang'ono kugunda pansi.

Anatambasula mkono n'kumugwira paphewa.

"Bwerera pachishalo, iwe."

"Ba Rahal, musadandaule, ndazolowera."

"Sindikumva zimene ukunena, ndipo sindikufuna kumva. Yako yalira ndi anzako. Khala pomwepo."

Poti gonthi sadziwa kukula kwa mawu ake, zimenezi zinamveka mpaka kwa oweruza. A Allal anawagwira mkanjo. "Mwana wa amalume, usatero." A Rahal anachotsa dzanjalo mwaulemu, n'kulipsompsona, n'kutsika. Anakoleka mfuti paphewa mlomo wake utaloza pansi, anagwira zingwe za Lazrag, n'kuyamba ulendo.

Bwalo limene pahatchi umalimaliza usanapume kawiri, wapansi ndi lalitali zedi. Mchenga unkalowa m'nsapato zachikasu zija. Lazrag, wosamvetsa, ankawagunda ndi mphuno pamsana kuti kwerani tizipita. Anzawo khumi ndi awiri anawadutsa pamahatchi monga mwa mwambo, Miloud akupukuta m'maso ndi nsonga ya nduwira, ndipo malo a kudzanja lamanja la a Allal anali opanda munthu. Mbali zonse ziwiri anthu anali ataimirira. A Rahal ankaona pakamwa pambirimbiri pali potsegula, manja akugwedezeka m'mwamba, azimayi atagwira pakamwa, koma m'makutu mwawo munali zii. Kaya akuwakuwiza, kaya akuwatani, sanadziwe. Anangowongola msana n'kumayenda osafulumira, misozi ikutsika n'kumasakanikirana ndi wonga m'ndevu.

Atafika kutenti anamasula chishalo okha, anapukuta hatchi thukuta, n'kuipatsa madzi. Amuna anzawo ankangozungulirazungulira. A Rahal anatsuka mfuti, n'kuikulunga m'nsalu, n'kupita kuseri kumene azimayi ankaphika. Lalla Zhor anali atakhala pampando waufupi akusenda anyezi, maso ali psuu. A Rahal anakhala pansi pambali pawo, n'kutembenuzira khutu lakumanzere kwa iwo.

"Zhor, anthu aja amati chiyani?"

"Amakuimbirani nthungululu. Bwalo lonse, ndi a ku Abda omwe."

"Ukunama kuti undisangalatse."

"Chabwino, amakukuwizani. Mwakondwa?"

A Rahal anayang'ana nkhope ya akazi awo kufuna kuona kuti zoona ndi ziti, koma Lalla Zhor anali ataweramira anyezi wawo. Kubwalo kuja gulu lina linali likunyamuka. Anazimva m'nthaka imene anakhalapo, ziboda zikugunda, zikukulirakulira, ndipo chala chawo chakumanja chinapindika chokha pabondo, kudikira.

"Zalira bwanji?" anafunsa.

"Imodzi," anatero Lalla Zhor.

Anagwedeza mutu, n'kutola mpeni wina, n'kuyamba kuwathandiza kusenda.